Mpini wa Magpul Hunter X-22 pa mfuti ya Ruger 10/22: kodi ndi woyenera ndalama zake?

Mfuti ya Ruger 10/22, yomwe inayamba kugulitsidwa ku America m'chaka cha 1964, ndi imodzi mwa mfuti zomwe eni ake sakhalitsa nazo momwe anazigulira. Munthu akangoiwombera kangapo amayamba kulingalira zosintha ichi ndi icho, ndipo ambiri amayambira pa mpini, gawo lija lathabwa kapena lapulasitiki lomwe limatsamira paphewa, limakhudza tsaya, komanso limanyamula mpope ndi zitsulo zonse zamkati, lomwe m'masitolo a mfuti limalembedwa kuti stock. Amayambira pamenepa chifukwa ntchito yake safunika kupita nayo kwa mmisiri, popeza zitsulo zonse za mfutiyi zimagwidwa kumpini ndi sikuluwu imodzi yokha. Makampani opanga mipini ya mfutiyi ndi ochuluka zedi, koma umene umaoneka kawirikawiri m'mabwalo owomberapo masiku ano ndi Hunter X-22 wa kampani ya Magpul. Ndi umene ndakhala ndikuugwiritsa ntchito kwa nthawi yaitali ndithu, ndipo ndiuyeza pano poufanizira ndi ina ingapo imene munthu angaiganizire asanatulutse ndalama.

Choyamba kuchimvetsa ndi chakuti mfuti ya mtundu umenewu sikankha phewa. Imadya zipolopolo za .22 Long Rifle, zomwe kampani ya Stevens inazitulutsa koyamba mu 1887, ndipo moto wake umayakira m'mphepete mwa thako la chipolopolo, osati pakati monga zimakhalira ndi zipolopolo zikuluzikulu. Wonga ndi wochepa, mtovu wake umalemera pafupifupi magalamu 2.6, motero ngakhale mwana wophunzira kuwombera samva ululu uliwonse. Pamfuti zikuluzikulu zosakira nyama, mpini wabwino umachepetsa kumenya kwa mfuti paphewa, koma pano nkhani imeneyo palibe. Wogulitsa akayamba kutamanda labala wonenepa wa kuthako kwa mpini wa .22, akungofuna kugulitsa basi. Ntchito yeniyeni ya mpini pa mfuti imeneyi ndi ziwiri: kuika diso la wowombera pamalo amodzimodzi nthawi iliyonse akanyamula mfuti, ndi kugwira zitsulo kuti zisasunthe pakati pa kuwombera koyamba ndi kotsatira.

Mpini womwe mfuti ya 10/22 Carbine imachoka nawo kufakitale si woipa, koma unapangidwira kawomberedwe ka zaka za m'ma 1960. Msana wake, pomwe tsaya limagona, ndi wotsika, chifukwa cholinga chinali choti diso lilunjike ku timizere tachitsulo tolozera tomwe tili pamwamba pa mpope. Munthu akaika galasi loonera patali lija owombera amalitcha sikopu, diso limayenera kukwera m'mwamba, ndipo tsaya limachoka pathabwa n'kutsala chibwano chokha chikukhudza. Utali wochokera pa trigger, kachitsulo kaja kokoka ndi chala powombera, kufika kuthako ndi mainchesi 13.5, ndipo susinthika, kaya wowombera ndi mwana wa zaka 12 kapena bambo wamanja aatali wovala chijasi cha nyengo yachisanu. Thako lake ndi lopindika komanso losalala, choncho limatsetsereka pamalaya. Kutsogolo kuli kamkombero komanga mpope ndi thabwa, komwe kamapanikiza mpope mosiyanasiyana malinga ndi mmene munthu wakamangira kapena mmene thabwa lafufumira ndi chinyezi.

Nkhani ya tsayayi ndiyo yaikulu mwa zonse, ngakhale kuti ndi imene ogula ambiri amaiona pomalizira. Pa bwalo la kalabu komwe ndimawombera, sipatha tsiku osaona munthu atakhala pabenchi, mfuti ili pamatumba amchenga, mutu wake ukuyendayenda pang'onopang'ono kumbuyo kwa sikopu, akufunafuna pomwe chithunzi chingaoneke chodzaza popanda mdima m'mbali. Akachipeza amagwira mpweya, khosi litauma, n'kuwombera msanga chisanathawe. Chipolopolo chachiwiri amachiwombera mutu uli pena. Masikopu ambiri opangira mfuti za .22 amakonzedwa kuti mzere wolozera ndi chandamale zigwirizane bwinobwino pa mayadi 50, pomwe opangira mfuti zikuluzikulu nthawi zambiri amakonzedwa pa mayadi 100. Pa mtunda wina uliwonse, diso likasuntha pang'ono kuchoka pakati pa galasi, mzere wolozera umaoneka ngati wasuntha pachandamale ngakhale mfuti isanagwedezeke. Zotsatira zake ndi mabowo omwazikana papepala, ndipo mwini wake amaimba mlandu mpope kapena zipolopolo, pamene vuto lili pa tsaya lake lomwe lilibe pogona.

Pali njira yophweka yodziwira ngati vuto limeneli mulinalo. Mutatsimikiza kuti mfuti ilibe chipolopolo, tsinzinani, inyamuleni kufika paphewa, gonekani tsaya pampini mmene khosi likufunira popanda kudzikakamiza, kenaka tsegulani maso. Ngati mukuona chithunzi chonse mu sikopu, mpini wanu ukukukwanani kale, ndipo mwina ndalamazo zingagwire ntchito ina. Ngati mukuona kumunsi kwa sikopu kapena mdima wokhawokha, dulani kachidutswa ka siponji yolimba, kamateni pamsana pa mpini ndi tepi, n'kumawonjezera mpaka diso lilunjike. Mukayeza kunenepa kwa siponjiyo ndi lula, mudziwa kuchuluka kwa kukwera komwe mpini watsopano uyenera kukupatsani. Ndikudziwa anthu amene anasiya siponjiyo pomwepo kwa zaka, ndipo amawombera bwino kuposa ena a mipini yodula, kungoti mfuti zawo sizisangalatsa m'maso.

Magpul ndi kampani yomwe inayambira ku Colorado mu 1999, ndipo pambuyo pa malamulo atsopano a mfuti omwe boma la chigawocho linakhazikitsa mu 2013, inasamutsira likulu lake ku Texas ndi fakitale yake ku Cheyenne m'chigawo cha Wyoming. Hunter X-22 inatuluka mu 2015. Ndi mpini wa pulasitiki yolimbitsidwa, wolemera pafupifupi kilogalamu 1.1, ndipo mtengo wa kampani pomwe unkatuluka unali pafupifupi madola 140, ngakhale m'masitolo unkapezekanso wotsikirapo. Mbali yakumbuyo inatengera mpini wa SGA womwe kampaniyi imapangira mfuti zachifefe monga Remington 870 ndi Mossberg 500, ndiye chifukwa chake zokwezera tsaya za mipini iwiriyi ndi zimodzimodzi. Ogula achenjere kuti mfuti ya 10/22 Takedown, yomwe imagawika pawiri ndipo inatuluka mu 2012, ili ndi mpini wakewake wa dzina lofanana koma wosiyana kapangidwe, ndipo wina sungalowe m'malo mwa unzake.

Kuuika ndi ntchito ya mphindi zochepa. Mumachotsa magazini, kabokosi kosungira zipolopolo, kukokera kumbuyo bolt, chitsulo chomwe chimakankhira chipolopolo mumpope, ndi kuyang'ana kumbuyo kwa mpope komwe chipolopolo chimalowa kuti mulibe kanthu. Mumamasula kamkombero kakutsogolo n'kukatulutsa, kenaka sikuluwu yaikulu yomwe ili kutsogolo kwa polowera magazini. Pamenepa ambiri amakakamira, chifukwa zitsulo zimakana kutuluka m'thabwa, ndipo chimawagwira ndi kabatani kotsekera trigger, komwe kamayenera kukhala pakatikati, osatulukira kumanja kapena kumanzere. Kakakhala pakati, mumakweza mpope kutsogolo ndipo zonse zimatuluka. Chachiwiri choti musamale ndi timapini togwira bokosi la trigger ku receiver, thupi la mfuti lomwe mpope umalumikizidwako. Timapini timeneti sitimangidwa ndi chilichonse, timangotchingidwa ndi makoma a mpini, choncho mukapendeketsa zitsulozo zili pabwalo, kapini kamatha kugwa pansi osamva n'komwe. Ndi bwino kugwirira ntchitoyi pa tebulo loyalidwa thaulo loyera. Mumpini watsopano, mbali yakumbuyo ya receiver imayamba kulowa, kenaka mumatsitsa mpope, ndipo pa mfuti yanga zinakhazikika mothina bwino popanda kupala paliponse. Kamkombero kaja sikabwereranso.

Utali wa mpini umasinthika kuchokera pa mainchesi 12.5 kufika 14.5, pochotsa kapena kuwonjezera timapulasitiki ta theka la inchi kamodzi pakati pa mpini ndi thako lalabala. Apa ndi pomwe mpini umenewu umapambana wakufakitale mosakayikitsa. Mpini wa khasu wosemedwa pa msinkhu wa bambo umamupweteka msana mwana akamalimira, ndipo mfuti nayonso ndi chimodzimodzi. Mwana akapatsidwa mfuti yaitali amapendekera kumbuyo, mutu umatalikira sikopu, ndipo amaphunzira kaimidwe kolakwika komwe kamavuta kukachotsa akakula. Banja lomwe likugwiritsa ntchito mfuti imodzi lingathe kufupikitsa mpini pophunzitsa ana n'kuutalikitsanso akuluakulu akafuna kuwombera. Kusinthako kumafuna chomasulira sikuluwu, si kongodina batani, choncho si chinthu chomwe mungamachite pakati pa mpikisano, koma kunyumba sichitenga nthawi. Ine ndinapeza kuti powombera chogona chafufumimba ndimafuna utali wochulukirapo kusiyana ndi powombera choimirira, ndipo ndinakhazikika pakati.

Chondikhumudwitsa pa kagulitsidwe kake ndi chakuti zokwezera tsaya zazitali zimagulidwa padera. Mpini umabwera ndi msana wotsika woyenera timizere tachitsulo, pamene zokwezera za kota ya inchi, theka la inchi ndi magawo atatu mwa anayi a inchi zili m'mapaketi ena. Popeza anthu ambiri ogula mpini woterewu amakhala ndi sikopu, ndiye kuti chinthu chenicheni chomwe akuchifuna sichili m'bokosi lomwe alipira. Munthu wosadziwa zimenezi angathe kuika mpini watsopano, kunyamula mfuti, n'kupeza kuti chibwano chikadali m'malere ngati kale. Langizo langa ndi lakuti powerengera mtengo muphatikizepo zokwezerazo kuyambira pachiyambi. Pa sikopu wamba yomangidwa ndi mphete zotsika, chokwezera cha theka la inchi chimakwanira nkhope zambiri, pamene sikopu ya galasi lalikulu kutsogolo, yomwe imafuna mphete zazitali, imafunanso chokwezera chachitali koposa. Nkhope zimasiyana, munthu wa masaya odzaza safuna kukwera kofanana ndi wa nkhope yowonda, ndiye chifukwa chake muyeso wa siponji uja ndi wofunika musanaitanitse.

Pogwira dzanja lowombera ndi potsetsereka madigiri 60 kuchokera pa mzere wa mpope, kutanthauza kuti ndi poimirira kwambiri kuposa pa mpini wachikale, koma si chogwirira chopatukana ngati cha mfuti zankhondo. Mkono sumapindika pamfundo, ndipo chala chimafika pa trigger molunjika n'kukoka chakumbuyo osati cham'mbali. Anthu a manja aang'ono ena amaona kuti ndi ponenepa pang'ono. Mbali yakutsogolo ili ndi mipata ya M-LOK kumanja, kumanzere ndi pansi, njira yomangira zinthu yomwe Magpul inaitulutsa mu 2014, ndipo pamenepo mungamangepo timiyendo tiwiri tochirikiza mfuti kapena pokolekera lamba. Apanso zomangirazo zimagulidwa padera. Pansi pake ndi pophwatalala mokwanira kuti mfuti ikhazikike pa thumba lamchenga osagudubuzika, ndipo polowera magazini ndi potakasuka, kotero magazini ozungulira a zipolopolo 10 aja amagwa okha mukadina chotulutsira.

Tsopano nkhani ya mpope, yomwe ndi yovutirapo ndipo imabweretsa mikangano yosatha pakati pa eni mfutizi. M'ngalande yomwe mpope umagona muli kathireyi kotembenuzika. Mbali imodzi ndi ya mpope wopyapyala wakufakitale, mbali inayo ndi ya mpope wonenepa wa mainchesi 0.920, pafupifupi mamilimita 23, womwe anthu amaika akafuna kuwombera mwaluso pachandamale. Ichi ndi chinthu chanzeru, chifukwa mipini yambiri imakukakamizani kusankha ngalande imodzi pogula, ndipo tsiku lomwe mudzasinthe mpope mudzafunikanso mpini wina. Koma otsatsa malonda a mipini amakonda kunena kuti mpope ukamayandama osakhudza kanthu mfuti imalasa bwino, ndipo zimenezi ndi zoona pa mfuti zambiri, kungoti 10/22 inapangidwa mwa mtundu wake. Receiver yake ndi ya aluminiyamu, mpope sumapotedwa kulowamo koma umangolowetsedwa n'kukokedwa ndi kachitsulo kooneka ngati V komangidwa ndi masikuluwu awiri, ndipo zonsezi zimagwidwa kumpini pamalo amodzi okha. Mpope wolemera ukasiyidwa m'malere, sikuluwu imodzi ija imasanduka potembenukira: kutsogolo kumafuna kutsika, kumbuyo kwa receiver kumafuna kukwera, ndipo kusuntha kosaoneka ndi maso kumeneku kumaonekera pachandamale.

Eni mfuti amathana nalo vutoli m'njira ziwiri. Ena amaika kalabala kopyapyala pansi pa mpope, pafupi ndi receiver kapena kumapeto kwa mpini, kuti mpope ukhale ndi potsamira pomwe sipasintha, ndipo kachidutswa ka chubu cha njinga kamagwira bwino ntchito imeneyi. Ena amagula mpini wokhala ndi chogwira chachiwiri kumbuyo kwa receiver, monga Titan 22 wa Victor Company, kapena amagula receiver ya kampani ya KIDD yokhala ndi kamchira komangidwa ndi sikuluwu yachiwiri. Hunter X-22 imadalira kuthina kwa makoma ake ndi sikuluwu imodzi ija, zomwe zimakwanira pa mpope wakufakitale kapena mpope wonenepa wopepuka wa aluminiyamu kapena kaboni, koma kwa munthu amene waika mpope wonenepa wachitsulo chokhachokha ndipo akufuna kulasa timabowo tolumikizana pa mayadi 100, mpini wokhala ndi chogwira chakumbuyo ndi umene ndingamulozere. Kuti mudziwe pomwe mpope wanu ukukhudza, lowetsani kapepala kopyapyala pakati pa mpope ndi mpini n'kukakoka kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Pomwe kaima ndi pomwe pakukhudza. Kukhudza kwa pansi, kofanana nthawi zonse, si koopsa. Choopsa ndi kukhudza kwa mbali imodzi, komwe kumakankhira zipolopolo kumanja kapena kumanzere mpope ukayamba kufunda. Mfuti zokoka bolt pamanja, monga CZ 457 ya ku Czech Republic kapena Tikka T1x ya ku Finland, zimamangidwa ndi masikuluwu awiri, choncho mpope woyandama umagwira bwino ntchito pa izo popanda zonsezi.

Kamangidwe ka sikuluwu yaikuluyo nakonso kamasintha kalasidwe ka mfuti. Ambiri amamanga pakati pa ma inch-pound 15 ndi 20 pogwiritsa ntchito chomangira chokhala ndi muyeso, ndipo chofunika kwambiri si nambalayo koma kubwereza muyeso womwewo nthawi iliyonse mukamasula kuti mutsuke mfuti. Kumanga ndi mphamvu zonse za mkono ndi kuika pachiswe timizere ta m'bowo la sikuluwu mu aluminiyamu, ndipo tikaperepeseka kukonza kwake ndi kwa mmisiri. Mukasintha mpini, sikopu iyenera kulunjikitsidwanso, chifukwa pomwe zipolopolo zimagwera pamasuntha ndithu.

Funso lomwe aliyense amafunsa ndi lakuti kodi mfuti inayamba kulasa bwino. Yankho langa lili pawiri. Pa benchi, mfuti itakhazikika pa matumba ndipo ine ndikusamala mutu wanga, kusiyana kwa mpini wakale ndi watsopano kunali kochepa, kotero kuti kusintha mtundu wa zipolopolo kunkabweretsa kusiyana kwakukulu kuposa pamenepo. Mfuti za .22 zimasankha zipolopolo modabwitsa. Zothamanga kwambiri, zomwe zimadutsa liwiro la phokoso potuluka n'kubwerera pansi pake zili m'njira, nthawi zambiri zimamwazikana kuposa zoyenda pang'onopang'ono monga CCI Standard Velocity, zomwe zimatuluka pa mapazi 1,070 pa sekondi, kapena zopangira mpikisano za Eley, SK ndi Lapua. Nayonso trigger yakufakitale ndi yolemera, imafuna mapaundi 5 kapena kuposerapo, pamene BX-Trigger ya Ruger yomweyo imatsika kufika pakati pa 2.5 ndi 3. Munthu wongowombera pabenchi apindula kwambiri akayamba ndi zinthu ziwirizi. Koma pochoka pabenchi, powombera choimirira, chogwada kapena chogona ndi lamba womangidwa kumkono, monga amaphunzitsira a Project Appleseed, gulu lophunzitsa kuwombera ku America, pa mamita 25, kusinthako kunali koonekeratu. Mfuti ikafika paphewa diso limakhala lili kale pakati pa galasi, thako lalabala limagwira malaya osatsetsereka, ndipo kutsogolo sikupindika ndikakoka lamba. Mpope sunasinthe, koma ine ndinayamba kuupatsa mpata wochita zomwe unkatha kale.

Kulemera kwake kuli mbali ziwiri. Mfuti yakufakitale imalemera pafupifupi makilogalamu 2.3, ndipo ndi mpini uwu imalemererako, makamaka kumbuyo. Pa bwalo lowomberapo kulemerako kumathandiza kuti mfuti isanjenjemere. Kwa wosaka agologolo kapena akalulu amene amayenda m'nkhalango tsiku lonse, ndi katundu wowonjezera, ndipo kwa iye mpini wina wa kampani yomweyi wotchedwa MOE X-22, womwe ndi wopepuka ndi wotsika mtengo koma wosasinthika kwambiri, ungakhale woyenera. Pulasitiki sifufuma ndi mvula ndipo sidandaula ikakalika ndi minga, koma m'nyengo yachisanu imazizira patsaya kuposa thabwa. Za maonekedwe, ndinene chilungamo kuti mfuti yathabwa yakale ija ili ndi ulemu wake womwe pulasitiki yakuda kapena yotuwa singaufikire, ndipo mpini wanga wakale ndinausunga.

Mwa mipini ina yopikisana nawo, wa Hogue OverMolded ndi umene wakhala pamsika nthawi yaitali ndipo ndi wotsika mtengo. Ndi pulasitiki yokutidwa ndi labala wofewa, yogwirika bwino m'manja onyowa komanso yosachita phokoso ikagunda nthambi, zomwe osaka amazikonda. Zofooka zake zimachokera pa kapangidwe komweko: labala amakola fumbi ndi kukoka zovala, utali ndi msana sizisinthika, ndipo mbali yakutsogolo ndi yofewerapo, kotero munthu wokoka lamba mwamphamvu kapena wotsamira pa timiyendo angathe kuikhudzitsa mpope. Umagulitsidwa padera wa mpope wopyapyala ndi wa mpope wonenepa.

Boyds, kampani ya ku Mitchell m'chigawo cha South Dakota, imapanga mipini ya timatabwa topyapyala tomatidwa pamodzi ndi guluu, yolimba kuposa thabwa wamba ndipo yosapindika msanga ndi chinyezi. Kwa wokonda thabwa amene akufunanso msana wokwera, kumeneku ndi koyenera kuyang'ana, ndipo mtundu wawo wa At-One umasinthika utali ndi msana pongodina mabatani, chinthu chomwe Hunter X-22 ilibe. Komanso amapangira mfuti zambiri za .22 zomwe makampani a pulasitiki saziganizira, monga za Marlin ndi Savage. Mipini yotereyi ndi yolemera, ndipo popeza thabwa limasemedwa ndi makina pamene mfuti zimasiyana pang'onopang'ono, nthawi zina pamafunika kupala pang'ono ndi sandipepa kapena kuthira guluu wolimba pomwe receiver imagona kuti zikhazikike bwino. Amene amasangalala ndi ntchito yamanja amaona zimenezi ngati gawo la chisangalalo, koma wofuna kungomanga sikuluwu n'kunyamuka aganize kawiri.

Pamwamba pa zonsezi pali mipini ya mafupa a aluminiyamu ya makampani monga KRG ndi MDT, yomwe inafala pamodzi ndi mipikisano ya NRL22 yomwe inayamba mu 2017, komwe anthu amawombera timbale tachitsulo atatsamira pa migolo, makwerero ndi matayala. Kumeneko kulemera ndi kulimba n'zofunika, ndipo mtengo wa mipini ina umafanana kapena kuposa wa mfuti yeniyeniyo. Kuika mpini woterewu pa 10/22 ya mpope ndi trigger zakufakitale ndi kuwononga ndalama. Kumunsi kwenikweni kuli mipini yopanda dzina lodziwika yomwe imagulitsidwa motchipa pa intaneti, yodzaza ndi njanji ndi zopindapinda. Mnzanga wina wa kukalabu anagula umodzi wotere wopinda, ndipo cholumikizira chake chinkagwedera kotero kuti ukagwira thako n'kuligwedeza umamva kaphokoso. Mfuti yomwe inkalasa bwino ndi thabwa lake inayamba kumwaza zipolopolo, mpaka anabwezerapo mpini wakale.

Malamulo nawo amakhudza kusankhaku. Ku America, lamulo la dziko lonse limafuna kuti mpope wa mfuti yaitali usafupike kuposa mainchesi 16 ndipo mfuti yonse isafupike kuposa mainchesi 26, apo ayi imalowa m'gulu lofuna chilolezo chapadera. Zigawo zina zili ndi malamulo awoawo owonjezera: ku New York, lamulo la SAFE Act la 2013 limaletsa mpini wopinda, chogwirira chopatukana kapena mpini wa bowo lolowetsa chala chachikulu pa mfuti yodzilonga yokha ya magazini ochotseka ngati 10/22, ndipo .22 sinasiyidwe kunja. Ku Britain, komwe mfuti zazitali zodzilonga zokha zinaletsedwa mu 1988 kupatula za .22 za mtundu uno, 10/22 ndi yofala pakati pa a m'makalabu ndi ochepetsa akalulu m'mafamu, koma mwini wake ayenera kukhala ndi chiphaso cha apolisi, mpope usafupike kuposa masentimita 30 ndipo mfuti yonse isafupike kuposa masentimita 60. Wokhala kunja kwa America adziwenso kuti masitolo ambiri a kumeneko satumiza zipangizo za mfuti kumaiko ena chifukwa cha malamulo otulutsira katundu wotere, choncho njira yabwino ndi kudzera kwa wogulitsa mfuti wovomerezeka m'dziko lomwe muli.

Hunter X-22 ndi woyenera munthu amene ali ndi 10/22 yokhala ndi sikopu, amawombera m'makhalidwe osiyanasiyana osati pabenchi pokha, mwina amagawana mfutiyo ndi a m'banja mwake, ndipo akuganiza zodzasintha mpope mtsogolo. Kwa munthu wotere ndalama zake zimabwerera, malinga aphatikizepo chokwezera tsaya ndi chomangira lamba, zomwe zimakweza mtengo wonse kufika pafupifupi theka la mtengo wa mfuti yatsopano. Wowombera ndi timizere tachitsulo angathe kukhala ndi thabwa lakufakitale popanda kutaya kanthu. Wa mpope wolemera wachitsulo ayang'ane mpini wokhala ndi chogwira chakumbuyo, ndipo amene vuto lake ndi mabowo omwazikana pabenchi ayambe wagula mabokosi a zipolopolo za mitundu inayi kapena isanu, aziyese pa mayadi 50 tsiku lopanda mphepo, asanaitanitse mpini uliwonse.